Mtengo wa Njovu ndi Mtengo wa Munthu

Mukamenya munthu pa bala mpaka kumutupitsa diso ndi kumukhetsa magazi, gawo 248 la Penal Code ya Zambia limati mungakhale m'ndende zaka zosapitirira 5. Mukapezeka ndi mnyanga wa njovu pansi pa bedi, lamulo la nyama zakuthengo la 2015 limayambira pa zaka 5 zomwezo n'kumakwera. Nditalemba manambala awiriwa pa bolodi, mnyamata wina wa Giredi 11 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ndiye kuti njovu ndi yodula kuposa ife?" Anzake anafa nacho chiseko. Ndinamuyankha kuti kuyerekezako n'kokhota, pakuti wopha munthu chilango chake n'chachikulu kwambiri. Koma mumtima sindinakhutire, chifukwa amayi anga ndi Mkunda wa ku Lupande, ndipo funso lomwelo ndinalimva kale kwa amalume anga, amene sanapondepo m'kalasi.

Kwa inu amene munabadwira ku Chawama kapena ku Kanyama, Lupande ndi mtsinje umene umathira mu Luangwa kufupi ndi Mfuwe, m'boma la Mambwe. Dera lonselo, kum'mawa kwa paki ya South Luangwa, limatchedwa ndi dzina lomwelo, ndipo lili pansi pa mafumu 6 a Akunda: Nsefu, Kakumbi, Jumbe, Mnkhanya, Malama ndi Msoro.

Azungu asanabwere, mlandu wa magazi m'midzi yathu ya kum'mawa unali wa banja. Munthu akavulazidwa kapena kuphedwa, mwini mbumba ndiye ankapita nawo kubwalo la mfumu, ndipo banja la wolakwayo linkalipira: mbuzi, makasu, nsalu, mikanda, ndipo pa mlandu wa imfa nthawi zina ankapereka munthu wamoyo. Kumene umboni unkasowa, mwavi unkaweruza. Sindikufuna kukometsa zakale. Mwana woperekedwa ngati dipo sankafunsidwa maganizo, ndipo amene ankamwetsedwa mwavi kawirikawiri anali nkhalamba yopanda woiimira. Munthu wopanda abale amphamvu magazi ake ankangolowa m'dothi.

Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, kampani ya British South Africa inakhazika boma ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata. Mu 1914 kunabwera lamulo la za ufiti, loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti komanso kumumwetsa mwavi. Mu 1929 mabwalo a mafumu anavomerezedwa, koma milandu ya kupha inachotsedwa m'manja mwawo. Kenako mu 1931 Penal Code inayamba kugwira ntchito. Buku limeneli silinalembedwere ife. Mizu yake ili ku Queensland, ku Australia, kumene woweruza Samuel Griffith analemba malamulo a milandu amene anavomerezedwa mu 1899. Ofesi ya atsamunda ku London inatengako chitsanzo n'kugawira maiko angapo a kuno kwathu. Ndilo buku lomwe tikali nalo, Chaputala 87 cha malamulo a Zambia, ngakhale lasokedwa zigamba zambiri.

Chachikulu chimene linasintha ndi mwini wake wa mlandu. Wodandaula sanalinso amalume, koma boma. Masiku a atsamunda mlandu unkalembedwa m'dzina la mfumu ya ku England. Titalandira ufulu mu 1964, mapepala a khoti anayamba kulembedwa kuti The People, kutanthauza anthu onse a Zambia, kutsutsana ndi uje. Akuluakulu a kumudzi sanakondwe nazo. Agogo anga ankakonda kunena kuti, "Wakuphayo akudya nyemba za boma, nanga ana amasiye adya chiyani?" Anali ndi mfundo. Komabe m'mawu awiri aja muli lonjezo limene bwalo lakale linalibe: ngakhale mlendo, ngakhale wamisala wogona pamsika, akaphedwa ali naye womulirira kukhoti.

Vuto la ku chigwa cha Luangwa n'lakuti boma lomwe linatenga milandu ya magazi linatenganso nyama. Mu 1938 mbali zazikulu za chigwachi zinapatulidwa kukhala malo osungira nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa ndi North Luangwa zinakhala mapaki. Mlenje amene dzulo ankavinidwa akabwera ndi nyama ya njati, lero anasanduka chigawenga. Ndipo tisaname, chiwembu chinalipodi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 m'chigwachi munali njovu zoposa 80,000. Magulu a mfuti zankhondo ofuna minyanga anazipulula, ndipo chipembere chinatheratu m'dziko lonse.

Ku Lupande, m'zaka za m'ma 1980, anayesa njira yokoka anthu a m'midzi: kulemba ntchito anyamata a pomwepo kuti azilondera nyama, ndi kugawira midzi ndalama zochokera kwa alenje olipira. Ndiko kunabadwira ADMADE, ndiponso LIRDP, imene dziko la Norway linkathandiza ndi ndalama. Zinali ndi zolakwika zake, koma zinkamuona munthu wa m'mudzi ngati woyenera kukambirana naye.

Chakumpoto kwa chigwa chomwecho, ku North Luangwa, nkhani inayenda mwina. Mu 1986 kunafika banja la ku America, Mark ndi Delia Owens, kudzateteza njovu. Mark ankauluka ndi ndege kusaka opha nyama ndipo ankathandiza asilikali a nyama a m'deralo. Mu 1995 atolankhani a wailesi ya kanema ya ABC anabwera kudzajambula ntchito yawo, ndipo pa 30 March 1996 anthu a ku America anaonera pulogalamu ya Turning Point. M'filimuyo muli munthu wakuda akuwomberedwa pa msasa m'thengo. Wagwa pansi, ndipo mfuti ikuliranso ali chigonere. Pulogalamuyo sinatchule dzina lake kapena mudzi wake. Inangoti ankaganiziridwa kuti ndi wopha nyama.

Tiyeni titsegule buku lija. Gawo 200 limati wopha mnzake ndi cholinga choipa wapalamula mlandu wa kupha, ndipo gawo 204 limafotokoza kuti cholingacho ndi kufuna kupha kapena kuvulaza koopsa. Lamulo limalola munthu kudziteteza, koma ndi mphamvu yolingana ndi ngozi imene ili patsogolo pake. Palibe mzere umene umati wokayikiridwa kuti wapha njovu magazi ake ndi otsika mtengo. Ngakhale akanamupeza ndi minyanga khumi, malo ake anali khoti. Apa m'pamene lonjezo la The People linayenera kuonekera, ndipo umboni unali pa kanema, pamaso pa anthu mamiliyoni.

Apolisi a Zambia anatsegula kafukufuku, koma mtembo sunapezeke. Banja la Owens linachoka m'dziko mu 1996 ndipo silinabwererenso. Mu 2010 mtolankhani Jeffrey Goldberg analemba nkhani yaitali m'magazini ya The New Yorker, m'mene wojambula filimuyo anamuuza kuti amene anawombera anali mwana wa Mark. A Owens amakana zonsezi, ndipo za Delia palibe amene amanena kuti anagwira mfuti. Amafunidwa ngati mboni. Iye pambuyo pake analemba buku la Where the Crawdads Sing, limene linagulidwa makope mamiliyoni n'kukhala filimu mu 2022. Chaka chomwecho mkulu woimira boma pa milandu, Lillian Shawa-Siyuni, anauza Goldberg kuti atatuwo akufunidwabe kuti afunsidwe mafunso, pakuti mlandu wa kupha ku Zambia suwola.

Mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa, kotero ngakhale khoti lalikulu silingalamulenso kuti munthu aphedwe. Za munthu wa m'filimu uja, palibe amene waimbidwapo mlandu mpaka lero. Mnyamata wanga wa Giredi 11 nditamufotokozera zonsezi sanafunsenso za mtengo wa njovu. Anafunsa ngati kumudzi kwa munthuyo anakhuza maliro, kapena anangoti anapita ku migodi kukafuna ntchito.