Khofi wa amayi a ku Peru: mbiri ya dzina papepala

Kumpoto kwa dziko la Peru, m'mapiri a zigawo za Lambayeque, Cajamarca ndi Amazonas, khofi ndiye chuma cha m'midzi. Koma awerengi, funso lidalipo kuyambira kale nlakuti: chuma cha yani?

Mchaka cha 1969 boma la asilikali lotsogozedwa ndi Juan Velasco Alvarado lidalanda maesiteti akuluakulu nkugawa malowo kwa anthu wamba. Nkhani yokoma ndithu. Vuto lidali pakalembera. Malo ankalembedwa m'dzina la mutu wa banja, ndipo mutu wa banja ati ndi bambo. Mayi ndiye ankapalira, kuthyola zipatso zofiira, kuzisenda, kutsuka ndi kuyanika. Likafika tsiku logulitsa, wonyamuka adali bambo, ndalama nkuthera m'thumba mwake.

Mu July 1989 pangano la maiko olima ndi ogula khofi, lomwe linkateteza mitengo, lidasokonekera. Mitengo idagwa, ndipo pofika 2001 paundi imodzi pamsika wa dziko lonse inkagulidwa pamtengo wosafika masenti 50 a ku America. Alimi ang'onoang'ono adaona kuti chowapulumutsa nkugwirizana m'makopaletivi ndi kulima khofi wapamwamba wa manyowa okhaokha, wopanda feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala, pakuti ogula akunja amalipira bwino khofi wotere akakhala ndi chiphaso. Limodzi mwa mabungwe otere lidali CECANOR, lomwe linkagulitsa khofi wake ku kampani ya ku America yotchedwa Organic Products Trading Company.

Komabe mtengo ukakwera, wosekerera adali bambo yemwe uja. Nchifukwa chake mu 2004 amayi 464 a m'bungweli, mothandizana ndi mayi Isabel Uriarte Latorre, adaganiza zopatula khofi wao nkumugulitsa payekha m'dzina loti Café Femenino. Paja akulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Malamulo ake adali achidule koma olasa pachilonda. Munda womwe khofiyo wachokera ukhale m'dzina la mayi. Ndalama zilandiridwe ndi mayiyo m'manja mwake. Amayi akhale ndi mipando mu utsogoleri wa kopaletivi. Pamwamba pa mtengo wa nthawi zonse, wogula awonjezere masenti 2 pa paundi iliyonse. Naonso okazinga khofiyu kunja adapemphedwa kuthandiza mabungwe osamala amayi ozunzidwa kwao komweko, kapena thumba la Café Femenino Foundation.

Masenti awiri, eti, nchiyani? Kunena zoona ndi kandalama kochepa, sikangamange nyumba. Chachikulu chidali lamulo la malo lija. Kuti banja lipeze mtengo wabwinowo, bambo adayenera kuvomera kuti gawo la munda lilembedwe m'dzina la mkazi wake. Chomwe boma lidalephera kuchita mu 1969, msika wa khofi udayamba kuchichita banja ndi banja, popanda mfuti.

Nzeruyi pambuyo pake idafalikira ku Bolivia, Colombia, Guatemala, Mexico mpaka ku Rwanda. Siidathetse umphawi m'mapiri a Peru, ayi. Koma mayi amene dzina lake lili pachikalata cha munda savuta kumumva akalankhula pamsonkhano, ndipo sapirikitsidwa wamba mwamuna akamwalira.