Yuniti: chimene mita imawerenga

Ku Kabwata munthu akati "mayuniti atha," onse amadziwa kuti malaiti azima ndipo nsima iphikidwa pa mbaula. Koma yuniti n'chiyani?

Yuniti imodzi ndi kilowatt-hour, kutanthauza magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Simbi yositira ya mawati 1,000 imatha yuniti pa ola, pomwe babu la mawati 10 limayaka maola 100 ndi yuniti imodzi. Giza ya mawati 3,000, yonga za m'nyumba za ku Kabulonga, imameza mayuniti 3 pa ola.

Wogula amalipira kampani ya magetsi ya ZESCO, n'kulandira tokeni ya manambala 20 yolowetsa mu mita. Mitengo imavomerezedwa ndi Energy Regulation Board, ndipo yuniti imadula kwambiri kwa wogula mayuniti ambiri mwezi womwewo.

Aluso ena amadzipangira kowerengera kawokawo: kachipangizo kopana waya, kolumikizidwa ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa ESP32, kotumiza manambala pa foni. Banja la ku Chelstone likaona kuti limatha mayuniti 8 patsiku, limadziwiratu kuti masiku 30 afuna 240. Kachipangizoko kaikidwe ndi wodziwa zamagetsi, ndipo mita ya ZESCO isakhudzidwe.