Dzina la mseu limasintha boma likasintha: nkhani ya miseu ya Maputo

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, sabata yatha mwana wina wa kalasi yachisanu anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, bwanji miseu ya ku Maputo ili ndi maina a masiku?" Anali atawerenga m'buku dzina lakuti Avenida 25 de Setembro. Ndinamuyankha mwachidule, koma funsolo linandiperekeza mpaka kunyumba. Lero ndiliyankhe bwinobwino.

Mseu umene anaufunsawo wasintha dzina kangapo. Pamene ku Portugal kunkalamulira mafumu, unkatchedwa Avenida D. Carlos, dzina la mfumu yawo. Ufumuwo utagwa mu 1910, mseuwo unakhala Avenida da República. Dziko lathu litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, unapatsidwa dzina la tsiku limene nkhondo yomenyera ufulu inayamba, pa 25 Seputembala 1964. Mseu ndi womwewo, koma aliyense wotenga ulamuliro ankafuna kuti anthu azitchula mbiri yake tsiku ndi tsiku.

Ufulu utabwera, maina ambiri anachotsedwa chifukwa ankalemekeza anthu amene anagonjetsa makolo athu. Bwalo lalikulu la mzindawu linkatchedwa Praça Mouzinho de Albuquerque, msilikali amene anagwira mfumu Ngungunhane ku Chaimite mu Disembala 1895. Chiboliboli chake, chomuonetsa atakwera hatchi, chinachotsedwa ndipo lero chikusungidwa ku Fortaleza. Bwalolo linakhala Praça da Independência. Avenida Pinheiro Chagas inakhala Eduardo Mondlane. Avenida António Enes inakhala Julius Nyerere, pokumbukira kuti Tanzania inasunga omenyera ufulu athu. Maina ena monga Karl Marx, Vladimir Lenine ndi Mao Tse Tung ankasonyeza mbali imene boma latsopano linatsamira pa ndale za dziko lapansi. Mzinda weniweniwo unasinthanso: pa 3 Febuluwale 1976 Samora Machel analengeza kuti Lourenço Marques tsopano ndi Maputo.

Koma pali mseu umodzi waukulu umene chikwangwani chake sichinakhudzidwe: Avenida 24 de Julho. Kwa Apwitikizi, tsikuli linkakumbutsa 24 Julayi 1875, pamene mtsogoleri wa France, Mac-Mahon, anaweruza mkangano wa Portugal ndi Britain wokhudza gombe la mzindawu, n'kugamula mokomera Portugal. Patapita zaka 100 ndendende, pa 24 Julayi 1975, boma latsopano linalengeza kuti sukulu ndi zipatala zonse zikhala m'manja mwa boma. Dzinalo linatsala momwemo, tanthauzo lokha ndilo linasintha. Agogo ndi mdzukulu akhoza kutchula mseu umodzi, aliyense akuganiza za chaka chake. Mac-Mahon uja analandidwa bwalo lake la pa siteshoni ya sitima, limene lero ndi Praça dos Trabalhadores, koma dzina lake linabisala mu mowa wa 2M.

Ife a kumpoto nkhaniyi si yachilendo. Akuluakulu a ku Angónia amakumbukira kuti Ulónguè inkatchedwa Vila Coutinho, ndipo a ku Niassa amadziwa kuti Lichinga inali Vila Cabral. Taonani kusiyana kwake: matauni ambiri anapatsidwa maina a m'zilankhulo za eni nthaka, pamene miseu inalandira maina a atsogoleri ndi masiku olembedwa m'Chipwitikizi. N'chifukwa chake mwana wathu amatha kuwerenga chikwangwani bwinobwino osadziwa chimene chikunena.

Apa ndi pamene ndikuopa. Amene anaona zikwangwani zakale zikuzulidwa akukalamba, ndipo ambiri atisiya kale. Tikapanda kuwafunsa panopa, ana athu adzatsala ndi manambala okhaokha.

Kalasi yanga ndayipatsa ntchito yakunyumba: aliyense akafunse agogo ake dzina lakale la mseu, msika kapena dera limene amakhala, ndi amene analitcha dzinalo. Akalembe yankho m'chilankhulo chimene agogowo ayankhira. Inunso yesani ndi ana anu. Nanga kwanuko, mseu umene mumadutsa popita kusukulu unkatchedwa chiyani kale?