Mlendo ndi Kalumo Kace: Mbiri ya Anthu Odzipereka ku Katete

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, ataoloka Luangwa napitirira Nyimba, Petauke ndi Sinda, amafika pa Katete atayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Kufupi ndi tauniyo kuli cipatala ca St Francis. Wolowa pa cipata cace amakomana ndi anthu a mitundu iwiri amene sadziwana ngakhale maina: wina ndi mnyamata kapena mtsikana wa ku Ulaya amene wadza kudzathandiza odwala kwa miyezi yowerengeka, wina ndi mai wa kumudzi wosenza mtolo wa nkhuni, amene wasiya munda wace kudzadikirira mbale wodwala. Onse awiri sanadzere malipiro. Koma mbiri ya woyambayo inalembedwa m'mabuku ambiri, pamene ya waciwiriyo ikali m'kamwa mwa anthu.

Kuthandiza mnzako popanda malipiro sikunadze ndi Azungu. Acewa a dziko la Kalonga Gawa Undi, amene likulu lace liri ku Mkaika m'boma lomweli la Katete, anali ndi dima kuyambira kale lomwe. Munthu akaona kuti munda wamkulira, kapena matenda amgwetsa pa nyengo yopalira, a m'nyumba mwace ankafulula mowa kapena thobwa, ndipo anansi ankadza ndi makasu ao nalima tsiku lonse. Pa maliro panali adzukulu, anthu osakhala a banja lofedwa, amene ankakumba manda ndi kunyamula mtembo. Ngakhale mau akuti thangata poyamba anali mau abwino, otanthauza cithandizo cimene munthu apereka kwa mfumu kapena kwa mnansi. Koma m'minda ya Azungu ku Nyasaland mauwa anapotozedwa, nasanduka dzina la nchito yokakamiza imene munthu ankagwira polipira malo okhalapo. Thangata wotereyu anali cimodzi mwa zinthu zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915, ndipo sanathe kufikira 1962. Ku Northern Rhodesia nako anthu ankadziwa cibalo. Cifukwa cace akuluakulu a m'midzi, pakumva mlendo alikuwaitanira ku nchito yopanda malipiro, ankayamba afunsa kuti wopindula ndani. Funso limenelo silinali la ulesi. Linali la anthu amene analumidwapo kale.

Mlendo woyamba woyenera kumkumbukira pa nkhaniyi sanali Mzungu ai. David Livingstone atalankhula ku Cambridge m'caka ca 1857, kunabadwa mishoni ya Anglican yochedwa UMCA, imene inayamba nchito pa Magomero mu 1861, ndipo pambuyo pace inakhazikika pa cilumba ca Likoma. Mwa ana amene mishoniyi inaphunzitsa munali Leonard Kamungu, Mcewa wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Iye anapita kukaphunzira ku Zanzibar, nadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909. Caka cotsatira Bishopu John Hine anayamba dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia, koma analibe anchito okwanira. Kamungu anabvomera kusiya nyanja ya kwao, nayenda ulendo wapansi kunka kwa Msoro, pakati pa Akunda, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande kumpoto kwa Katete. Kumeneko anaphunzitsa, nabatiza, natsegula masukulu m'midzi. Sanakhalitse, pakuti anamwalira mu 1913, ndipo mbiri inamveka yakuti anacita kumdyetsa. Lero koleji ya ansembe a Anglican ku Zomba imachedwa ndi dzina lace. Ana a sukulu amene amaganiza kuti wodzipereka ndiye wotsika m'ndege ayenera kudziwa kuti munthu ameneyu anadza pa miyendo yace, ndipo ankalankhula cinenero cao comwe.

Pa nthawi yomweyo a mishoni ya Dutch Reformed anali atamanga kale pa Magwero mu 1899, ndi pa Nyanje mu 1905, m'dziko limene tsopano liri boma la Sinda. Pa Nyanje pali cipatala kufikira lero.

Kwa Msoro nkucigwa, ndipo pa dzinja njira zace zimabvuta. Katete ali pa mtunda, pa mseu waukulu, umene unayamba kupitika bwino mlatho woyamba wa pa Luangwa utamangidwa mu 1932; ndiponso pamenepa mpamene ipatukira njira yonka ku Tete. Pa malo amenewa Francis Trefusis, amene anali wansembe ndiponso dotolo, anayambitsa cipatala ca St Francis m'caka ca 1948. Patapita zaka 10 kunadza dotolo wina wa ku Britain, James Cairns, pamodzi ndi mkazi wace. Iwowa anafika dziko likali m'manja mwa Azungu, naona Federation ikutha mu 1963 ndi mbendera ya Zambia ikukwera pa 24 October 1964, ndipo sanacoke kufikira 1996. Zaka 38 pa malo amodzi si ulendo. Ndi moyo wathunthu wa nchito. M'zaka zimenezo cipatala cinakula kufikira mabedi oposa 300, ndi sukulu yace ya anamwino, ndipo cinafika poyendetsedwa ndi mipingo iwiri pamodzi, wa Anglican ndi wa Katolika, cinthu cimene amishoni akale, amene ankalimbirana midzi ndi masukulu, sakadacikhulupirira.

Caka comwe Cairns anafika ku Katete, ku England kunayamba cinthu catsopano. Alec Dickson ndi mkazi wace Mora anayambitsa bungwe la VSO mu 1958, lotumiza anyamata otsiriza sukulu kukathandiza ku maiko akutali kwa caka cimodzi. Mu 1961 President Kennedy wa ku America anayambitsa Peace Corps, imene anthu ace anafika ku Nyasaland mu 1963, koma ku Zambia anacedwa kufikira 1994. Kusiyana kwa alendo atsopanowa ndi amishoni kunali kwakukulu. Mmishoni ankadza osadziwa ngati adzabwerera. Wodzipereka wa masiku ano amadza ali ndi tikiti yobwererera m'thumba. Maulendo a ndege atacuruka, ku St Francis kunayamba kufika madotolo a ku Britain, ku Netherlands ndi maiko ena, ena kwa caka, ena kwa miyezi, pamodzi ndi ophunzira udotolo amene sukulu zao zimawalola kukaona nchito ya m'zipatala za kunja kwa masabata owerengeka. Ambiri a iwo, nchito ikatha, amapita ku Mfuwe kukaona nyama za m'cigwa ca Luangwa, kapena ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, kapena ku nyanja ya Malawi, asanabwerere kwao. Motero ulendo wokaona dziko ndi ulendo wokathandiza zinasanganizika.

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya cipatala mwambiwu suli wonama. Dotolo wodziwa kung'amba amene akhala miyezi 6 angathe kupulumutsa amai ambiri amene mimba yawabvuta, ndi kusiya luso lace m'manja mwa anchito a pomwepo. Koma akale omwewo anatinso mlendo ndi mame. Munthu wosadziwa Cinyanja sangamve cimene nkhalamba ya ku Vubwi itanthauza ikati m'thupi mulikuyenda cinthu. Ayenera kuitana namwino kuti amasulire, ndipo namwinoyo wasiya nchito yace. Mlendo akayamba kuzolowera malungo, cifuwa cacikulu ndi kucepa kwa mankhwala, nthawi yace yatha, kwadza wina woyamba pa ciyambi. Kunena zoona, wophunzira wa masabata 6 amatenga zambiri koposa zimene amasiya, ndipo oona mtima mwa iwo amabvomereza. Palibe coipa m'menemo, malinga mlendoyo adziwe kuti iye ndiye wophunzira, ndipo namwino amene wagwira nchito zaka 20 m'cipinda comweco ndiye mphunzitsi wace. Cowawitsa mtima ncakuti m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, pamene alendo anali kudza kudzathandiza, anamwino ndi madotolo ambiri a Zambia anali kunka ku Britain, ku Botswana ndi ku South Africa kukafuna malipiro okwanira.

Anthu a dziko lino nao anadziwa kudzipereka ali ku cilendo. Amuna amene anathawa umphawi ndi msonkho, nanka ku migodi ya Copperbelt, ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg, anapangana timabungwe ta maliro. Ankasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzao akafera kutali asaikidwe ngati galu, ndipo mlendo wocokera kumudzi ankapeza pogona ndi nsima kufikira atalembedwa nchito. Imeneyo inali dima yomwe ija, yosamukira ku komboni.

Koma kuyesedwa kwakukulu kunadza ndi Edzi. Matendawa anadziwika m'Zambia mu 1984, ndipo mu 1987 President Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wace anafa nao, pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa. Zipatala zinadzaza, odwala nagona pansi, ndipo mankhwala ocepetsa mphamvu ya kacilomboko kunalibe. Pamenepo mipingo ndi zipatala za mishoni zinatembenukira ku midzi, kupempha anthu oti aziyendera odwala m'nyumba zao. Amene anabvomera ambiri anali akazi, ena a iwo amasiye a matenda omwewo. Ankasambitsa wodwala amene abale ace ankaopa kumkhudza, kumphikira phala, kucapa zofunda zace, kutunga madzi, ndi kuyang'anira ana otsala. Malipiro ao, akakhalapo, anali sopo, citenje, kapena njinga yobwereka. Alendo a ku Ulaya ankalemba malipoti a nchitoyi natumiza kwao kukapempha ndalama, ndipo ndalamazo zinathandizadi. Koma manja amene ankatembenuza wodwala pa mphasa usiku anali a mnansi wace.

Boma la Zambia litayamba kupereka mankhwala a ARV kwaulere mu 2005, nchito ya anthuwa inasintha. Odwala amene ankayembekezeka kufa anadzuka nabwerera ku minda yao. Odzipereka aja anasiya kukhala okonzekeretsa maliro, nakhala okumbutsa anthu tsiku lokatenga mankhwala, olondola amene aleka kumwa, ndi operekeza amai apakati ku cipatala nthawi isanakwane. M'midzi ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe ndi kwa Kathumba ena a iwo akalamba tsopano, ndipo njinga zija anazisiyira ana ao.