Mbiri ya Dowa ndi Ntchisi: Malo, Anthu ndi Chuma Chawo

Chiyambi

Ophunzira ambiri mukamayankha mafunso a nkhani zamchezo ndi zolembedwa mumathamangira kutchula atengambali n'kuiwala malo amene nkhaniyo ikuchitikira. Komatu munthu sakhala m'malere. Zimene amalima, zimene amaopa ndiponso zimene amalakalaka zimachokera ku dera limene akukhala. M'mutu uno muwerenga mbiri ya maboma a Dowa ndi Ntchisi, dera limene linatipatsa mabuku ena oyambirira a Chichewa. Powerenga, muzidzifunsa kuti malo anawaumba bwanji anthu, nanga anthu anawasintha bwanji malowo.

Maonekedwe a dera

Maboma awiriwa ali m'chigawo chapakati. Dowa ndi wamkulu masikweya kilomita pafupifupi 3,000 pamene Ntchisi ndi pafupifupi 1,700. Kumwera kwa Dowa kuli Lilongwe, kum'mawa kuli Salima. Ntchisi wachita malire ndi Nkhotakota, Kasungu ndi Dowa. Mukaona mapu mudzazindikira kuti dera lili pawiri. Kumadzulo, cha ku Mponela, Madisi ndi Malomo, kuli chidikha cha nthaka yabwino ndi madambo amene madzi ake amathira mu mtsinje wa Bua. Kum'mawa, cha ku Mvera, Kongwe ndi phiri la Ntchisi, kuli mapiri ndi zigwa zimene zimatsetserekera kunyanja. Musaiwale kusiyana kumeneku chifukwa mbiri yonse ya derali yatsamira pomwepa. Kuchidikha anthu ankapita kukalima, kumapiri ankapita kukabisala.

Achewa ndi Angoni

Eni dera akale ndi Achewa, amene mbumba yawo imatsata kuchikazi ndipo mwambo wawo waukulu ndi gule wamkulu. M'zaka za m'ma 1870 Angoni otsogozedwa ndi Chiwere Ndhlovu anakhazikika m'mapiri a Dowa nayamba kuthira nkhondo midzi yozungulira. Achewa ena anagonja n'kumapereka msonkho wa zakudya, ena anamanga malinga, ena anathawira m'mapiri. Nkhalango yowirira ya paphiri la Ntchisi inali imodzi mwa malo othawirako, ndipo anthu sankaidula chifukwa inkawateteza. Patapita zaka, mitundu iwiriyi inakwatirana, Angoni n'kuyamba kuyankhula Chichewa. N'chifukwa chake lero mupeza mafumu Achingoni monga Chiwere ndi Msakambewa akulamulira moyandikana ndi mafumu Achichewa monga Dzoole ndi Kayembe.

Amishoni ndi chiyambi cha mabuku

M'chaka cha 1889 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ku Mvera m'dziko la Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula ina ku Kongwe, kumene lero kuli sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Ku Mvera ndi kumene William Murray ndi anzake, Azungu ndi Amalawi, anagwira ntchito yomasulira Baibulo, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Chichewa cha m'chigawo chapakati chinakhalira maziko a Chichewa cholembedwa chimene mukuphunzira inuchi.

Sukulu za mishoniyi zinatulutsa mlembi Samuel Josia Nthara, amene anabadwa mu 1905. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa. Iye analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, buku lofotokoza moyo wa mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa imene inalandira njira zatsopano za ulimi ndi malonda. Mukamawerenga mabuku oterewa, dziwani kuti mkangano wa miyambo ya makolo ndi chiphunzitso cha amishoni umene mumaupezamo sunali wongopeka. Unkachitikadi m'midzi ya m'mapiri amenewa.

Fodya: mbewu yochokera kutali

Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba, mwamuna aliyense anafunika ndalama. Ambiri anapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Zinthu zinasintha kuyambira mu 1920 pamene Azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, anayamba kugawa mbewu ya fodya kwa alimi a m'midzi pafupi ndi Lilongwe n'kumawagula masamba ake. Ulimiwu unafalikira msanga mpaka ku Dowa. Mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilembetsa alimi ndi kuyang'anira misika.

Fodya amene anthu anayamba kulimayo anali wachikopa, wowumitsa ndi utsi. Ulimi wa fodya wotere ndi wotchuka ku Kentucky, limodzi mwa madera a kumwera kwa dziko la America. Kentucky ndi wamkulu masikweya kilomita pafupifupi 105,000, kutanthauza kuti wangochepa pang'ono poyerekeza ndi Malawi yense, koma mu 2020 kunali anthu pafupifupi 4.5 miliyoni okha. Nakonso kum'mawa kwake kuli mapiri ndipo ndi dera lodziwika ndi fodya wa bale. Kusiyana kwake n'kwakuti Kentucky ali ndi mafakitale opanga magalimoto ndi ntchito zina zambiri, choncho mtengo wa fodya ukatsika anthu amakhala ndi kothawira. Mlimi wa ku Chakhaza kapena kwa Kalumo alibe mwayi wotero.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la Special Crops Act linaletsa alimi ang'onoang'ono kulima bale. Fodyayu ankalimidwa m'maesiteti okha, ndipo mlimi wamba ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo woikidwa ndi boma. Osauka ambiri anakhala matenanti. Kuyambira mu 1990 lamuloli linayamba kufewetsedwa, ndipo zigafa zinadzaza m'midzi. Malo amalonda monga Mponela, amene ali pamsewu wa M1, anakula chifukwa cha ndalama za fodya, mtedza, soya ndi chimanga.

Chiwerengero cha anthu

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Pa kalembera wa mu 2008, Dowa anali ndi anthu pafupifupi 560,000 ndipo Ntchisi pafupifupi 225,000. Tawerengerani nokha: m'zaka khumi zokha, maboma awiriwa anawonjezera anthu oposa 300,000 pamene nthaka sinawonjezeke ngakhale phazi limodzi. Mu 2018, pa sikweya kilomita iliyonse ya Dowa pankakhala anthu pafupifupi 250.

M'bomali mulinso alendo. Malo a Dzaleka, amene mu ulamuliro wa Kamuzu Banda anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, anasandutsidwa kampu ya anthu othawa kwawo mu 1994. Kampuyi inakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika mu 2023 inali ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Mapiri amene kale anabisa Achewa othawa nkhondo akusunganso anthu ena othawa nkhondo.

Vuto limene latsala

Munda umene gogo ankalima yekha lero wagawidwa kwa zidzukulu zambiri. Anthu akwera kukalima m'mapiri, mitengo yathera ku zigafa, nkhuni ndi makala, ndipo mvula ikukokolola nthaka. Feteleza ndi wodula, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'chaka chomwecho Malawi analowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya. Tsono mbewu imene yadyetsa derali kwa zaka zoposa 100 tsogolo lake ndi lokayikitsa. Ena mwa inu sukulu fizi yanu imachokera ku okushoni ku Kanengo, choncho nkhaniyi ndi yanu. Mbadwo wa Msyamboza unasankha chochita pamene zinthu zinkasintha, ndipo posachedwa kusankha kudzakhala m'manja mwanu.

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa dera la kumadzulo ndi la kum'mawa kwa maboma a Dowa ndi Ntchisi.
2. Kodi mishoni ya Mvera inathandiza bwanji pa chitukuko cha Chichewa cholembedwa? Perekani mfundo ziwiri.
3. Tchulani zifukwa ziwiri zimene zinachititsa anthu a m'derali kuyamba ulimi wa fodya.
4. Lembani chimangirizo cha mawu osapitirira 250 pa mutu wakuti: Mavuto odza chifukwa chodalira mbewu imodzi.