Chiyambi cha Chipukuta Misozi pa Imfa ya Ngozi

Masiku ano munthu akafa chifukwa cha kusasamala kwa mnzake, abale ake amatha kukasuma ku bwalo la milandu kuti alandire chipukuta misozi. Ambiri amayesa kuti ufulu umenewu ndi wachikhalire, koma ku England, kumene malamulo athu ambiri anachokera, unayamba m'chaka cha 1846.

Tsiku lina ngolo yokokedwa ndi akavalo inagubuduzika pa ulendo wochokera ku Portsmouth kupita ku London. Mkazi wa bambo wina, dzina lake Baker, anavulala ndipo patapita mwezi anamwalira. Baker atasumira eni ngoloyo, woweruza, Lord Ellenborough, anagamula m'chaka cha 1808 kuti imfa ya munthu si chifukwa chofunira malipiro. Baker analipidwa pa masiku amene mkazi wake anagona chidwalire, koma pa imfa yeniyeniyo sanalandire kanthu. Motero wopundula munthu ankalipira zambiri kuposa womupha.

Amasiye ankangodalira mwambo wakale wotchedwa deodand. Chinthu chimene chapha munthu, kaya ng'ombe kaya ngolo, chinkalandidwa m'dzina la mfumu, ndipo nthawi zina mtengo wake unkaperekedwa kwa ofedwa. Mwambowu unalephera sitima za pamtunda zitafika. Pa 24 Disembala 1841, pafupi ndi Sonning, sitima ya kampani ya Great Western inawomba dothi limene linagumukira pa njanji, ndipo anthu 8 anafera pomwepo. Ofufuza za imfazo analamula kuti kampaniyo ilipire mapaundi 1,000, koma chigamulocho chinafafanizidwa pambuyo pake.

Ngozi za pa njanji zitachuluka, Nyumba ya Malamulo inathetsa deodand m'chaka cha 1846 nivomereza lamulo latsopano limene Lord Campbell analimbikira. Lamuloli linati ngati womwalirayo akanatha kusuma ali moyo, mlandu wake usafere naye limodzi. Mkazi, mwamuna, kholo kapena mwana anayenera kulipidwa, malinga mlanduwo uyambike isanathe miyezi 12.

Komabe lamuloli silinapukute misozi yonse. M'chaka cha 1852 oweruza anagamula kuti cholipiridwa ndi thandizo la chuma lokha limene banja lataya. Malipiro a chisoni cha ofedwa anadzaloledwa ku England m'chaka cha 1982.

Malamulo a ku England anayamba kugwira ntchito m'dziko muno m'chaka cha 1902, ndipo mabwalo a m'Malawi amaweruza milandu yotereyi powerengera thandizo limene womwalirayo akanapereka kwa omudalira. Ndalama sizidzutsa wakufa. Zimene lamuloli linakonza n'zakuti ana amasiye asasiye sukulu kapena kugona ndi njala pamene wosasamalayo akupitiriza malonda ake ngati kuti palibe chimene chachitika.