Mbiri ya Njira Yathu ya Kumapiri, Kuchokera ku Nkhotakota Kunka ku Chigwa cha Bua

M'lipoti la chaka chino Komiti yandipatsa malo kuti ndilembe za njira yonka kumapiri a kumadzulo kwathu, makamaka ku chigwa cha mtsinje wa Bua ndi dziko la kuseri kwake. Munthu akaima pa Linga m'mawa kopanda mitambo nafulatira nyanja, amaona mapiriwo atandanda, phiri la Chipata litaposa anzake onse. M'maso ali pafupi ndithu. Komatu kwa zaka zambiri kunali kwapafupi kwa munthu wa kuno kufika ku Likoma, kutsidya la madzi, kusiyana ndi kutengera thumba la mpunga ku Malomo. Chifukwa cha zimenezi ndicho ndifuna kuti tilingalire pamodzi.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Nyanja yathu ili pa mapazi ngati 1,550 pamwamba pa nyanja yamchere, koma nsonga ya Chipata ipitirira mapazi 5,000, ndipo chidikha cha Kasungu, kuseri kwa mapiriwo, chipitirira mapazi 3,000. Bua achokera ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, nayenda mwaulesi m'madambo a chidikhacho. Koma akafika pamphepete pa mapiri amasintha khalidwe, nagwera m'zigwembe za miyala, mathithi ndi mathithi, kufikira atatsirira m'nyanja kumpoto kwa boma lathu. Bwato silingakwere mtsinje wotere. Amakwera ndi mpasa, nsomba ija imasiya nyanja kukaswana kumtunda. Tsono munthu wofuna kulowa m'chigwamo ayenera kutsata zitunda, kutsika ndi kukwera, kuwoloka timitsinje tosawerengeka timene m'chilimwe tili mchenga wokhawokha koma m'dzinja tikokolola ndi mitengo yomwe. Pamwamba pa izi pali kashembe. Ntchentche imeneyi ipha ng'ombe nipatsa anthu nthenda ya kaodzera. Chotero ngolo ya ng'ombe, imene inathandiza kwambiri anzathu a ku Lilongwe ndi ku Dowa, sinathe kugwira ntchito pa njira yathuyi. Katundu yense anayenda pamutu pa munthu.

Ngakhale zinali chomwecho, njira ya kumapiri ndiyo njira yathu yakale koposa zonse, ndipo ndiyo inamanga mudzi uno. Pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pano m'zaka za m'ma 1840, sanadzere mpunga kapena chambo ayi. Anaona kuti pano pali dooko lobisika bwino kuseri kwa mchenga wa Sungu, ndiponso kuti pano pafika njira zochokera kwa Mwase ku Kasungu, ku Luangwa, ndi kutali kwa Kazembe. Pa njira zimenezi panatsika minyanga ya njovu, mkuwa, ndi anthu omangidwa m'magoli. Panakwera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Zombo za matanga zinali kuwolotsa zonsezo kunka kutsidya, kumene ulendo unapitirira mpaka ku Kilwa. David Livingstone, atacheza ndi Jumbe pano mu 1863, anakwera njira yomweyo kufikira kwa Mwase, naona ndi maso ake mmene inapondedwera. Sindilemba izi monyadira. Njirayo inali yotakata chifukwa cha mapazi a abale athu amene sanabwerenso. Koma tisaiwale kuti masiku amenewo nkhope ya Nkhotakota inayang'ana kumapiri monga momwe inayang'anira kunyanja.

Kufika kwa Boma la Angerezi kunatembenuza nkhope imeneyi. Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu mu 1889. Jumbe wotsiriza anachotsedwa pa mpando mu 1895. Ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Alfred Swann anatsogolera nkhondo kuchokera kuno, pa njira ija, kukagonjetsa Mwase wa ku Kasungu. Malonda a anthu anatha, chimene tiyenera kuyamika, koma pamodzi nawo panathanso maulendo aakulu a kumadzulo. Chuma ndi uthenga zinayamba kuyenda pamadzi, kumpoto ndi kumwera. Amishoni a U.M.C.A., amene anamanga pano mu 1894, anali anthu a panyanja: Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja mu 1895 naikidwa m'tchalitchi chathu cha All Saints, ndipo sitima yotchedwa dzina lake inalowa m'madzi mu 1901. Kalata yochokera ku Likoma inali kufika msanga, pamene mphunzitsi wotumidwa ku Kayoyo, m'mapiri a Ntchisi, anali kupita wapansi, mabuku ndi mchere zili pamutu. Dziko la Ntchisi, limene boma lake laling'ono linali kutchedwa Visanza, linali pansi pa Kota Kota, monga Azungu anali kulembera dzina lathu. Tsono Bwana D.C. anali kukhala m'mbali mwa nyanja pamene anthu ake ambiri anali kuseri kwa mapiri, ndipo pofuna kuwayendera anali kunyamulidwa pa machila ndi amtengatenga. Iye anafikadi; koma mayi wodwala wa kwa Nthondo analibe omunyamula olipidwa ndi Boma.

Anthu ambiri anayembekeza kuti njanje idzakonza zonse. Inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald mu 1908. Mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanje ya kumpoto inafika ku Salima. Poyamba analinga kuti ikathere ku Domira Bay, koma inaima pa Salima, dooko la sitima za pamadzi nilikhala pa Chipoka. Kuchokera pa Salima kufika kuno patsala mamailosi ngati 70, ndipo mamailosi amenewo njanje sinawadutse mpaka lero. Chotsatira chake chiyenera kumvetsedwa bwino, pakuti pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Mpunga wathu unali kukwera sitima ya pamadzi kunka ku Chipoka. Fodya ndi mtedza za kumapiri zinali kukwera malole kudzera ku Dowa kutsikira ku Salima. Wa kunyanja anayang'ana kumwera, wa kumapiri nayenso anayang'ana kumwera, aliyense pa njira yakeyake. Ndipo chigwa cha Bua, chimene kale chinali pakati pa ulendo, chinatsala pambali. Pamene dzikolo linasanduka nkhalango yosungiramo nyama, yosaloledwa kumangamo midzi, tinjira tambiri ta makolo tinamera udzu.

Mseu wa galimoto unalambulidwa ndithu, wodzera pa Mbobo m'munsi mwa Chipata kunka ku Visanza ndi ku Kasungu, ndipo kwa nthawi yaitali galimoto zochokera ku Lilongwe zinali kutifika podzera kumeneko. Koma unali mseu wa dothi, wa milatho ya mitengo, wodalirika m'chilimwe mokha. Taganizani za munthu wa kumapiri kuno wobwerera kwawo kuchokera ku ntchito ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Atatsika sitima ya pamtunda pa Chipoka, anali kudikira sitima ya pamadzi, mtima uli m'mwamba, popeza anthu anali asanaiwale Vipya, imene inamira mu July 1946 kufupi ndi Chitimba ndi anthu pafupifupi 145. Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951, inali kuima patali ndi gombe, anthu ndi katundu natsikira m'maboti aang'ono, kenaka kuwoloka madzi a m'chiuno, bokosi lili pamutu. Atafika pa Linga ndiye ulendo weniweni unali kuyamba. Mabasi a Nyasaland Transport Company, imene inayamba mu 1947, sanali kufika paliponse kapena tsiku lililonse, ndipo ambiri anali kudalira lole ya wamalonda. Pa chitunda injini inali kuwira, okwera onse natsika, ena kukankha, ena kuthamanga ndi miyala yoika kuseri kwa matayala kuti lole ingabwerere m'mbuyo. Mvula ikachotsa mlatho umodzi wokha, munthu amene anayenda mamailosi mazanamazana pa njanje mosavuta anali kutsiriza ulendo wake monga anachitira agogo ake, wapansi, akuyang'anayang'ana njovu. Njinga ya kapalasa imene anagula ku Halale inamuthandiza potsetsereka pokha. Pokwera anali kuikankha.

Ufulu utabwera mu 1964, ntchito zazikulu zinachitikadi, koma taonani kumene zinaloza. M'zaka za m'ma 1970 anamanga mseu wa m'mbali mwa nyanja, umene lero tiutcha M5, ndi milatho yolimba pa Chia ndi pa Bua, ndipo fakitale ya shuga ya ku Dwangwa inayamba kugaya nzimbe mu 1979. Chaka chomwecho njanje inakwera mapiri, koma kuchokera ku Salima kunka ku Lilongwe, nifika ku Mchinji mu 1980. Mseu wa tala wa kunyanja unatipatsa zabwino zambiri, ndipo palibe membala angakane. Komabe unachotsa pa mseu wa kumapiri ngakhale galimoto zochepa zija zinali kudzerapo, popeza woyendetsa aliyense anasankha kuzungulira ku Salima. Mseu wochokera kuno kunka ku Kasungu kudzera ku Malomo, wotchedwa M18, unalandira tala patapita zaka zambiri chilandirire ufulu. Njira imene inali yoyamba kupondedwa inakhala yotsiriza kukonzedwa.

Lero munthu akhoza kukwera minibasi kapena matola pa boma nadutsa m'nkhalango, mamailosi ngati 80 kufika ku Kasungu, dzuwa lisanapendeke. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyo, nilimanga mpanda wa waya, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinabwera nazo kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Njovuzo zinabwera pa malole. Akuluakulu ena anaseka poona kuti nyama imene minyanga yake inatsika mapiri awa pamutu pa akapolo yabwerera itakwera galimoto. Alendo ochokera kunja afika tsopano m'mphepete mwa Bua mosavuta, nagona m'nyumba za alendo zomangidwa momwemo, pa malo amene agogo athu anali kuopa kugonapo.

Koma mseu waukulu umodzi suthetsa mlandu. Anthu sakhala pa tala. Akhala m'zigwa za kumbali, kwa Mwansambo, kwa Kasakula, kwa Nthondo, kumene njira zambiri zikali za dothi. M'chilimwe njinga yamoto ya kabaza ifika kulikonse, ngakhale mtengo wake uwawa. Kuyambira January kufikira March nkhani ndi ina: wogulitsa usipa wouma alephera kukwera, mlimi wa nyemba alephera kutsika, ndipo wogula amene wakwanitsa kufika m'mudzi amatchula mtengo umene afuna, podziwa kuti palibe wina adzabwera. Mayi amene nthawi yake yakwana usiku, mtsinje utadzaza, anyamulidwa pa machila a mitengo iwiri ndi chitenje, monga zinali m'masiku a Swann.

Chifukwa chake ndipempha mamembala ochokera kumadera a kumtunda kuti pa msonkhano ukudzawu aliyense abwere ndi maina a mitsinje ya kwawo yopanda milatho, ndi kuchuluka kwa masiku amene njira inatsekeka m'dzinja lapitali, atafunsa mafumu ndi aphunzitsi a kumeneko. Mlembi adzazisonkhanitsa m'kalata imodzi, kuti nthumwi zathu zikapite nayo ku Khonsolo mvula isanayambe.